Za Akanema a Nkhondo, ndi Muyeso Wowayesa Nao

Masiku ano misika ya kumidzi yopanda kanyumba ka kanema njowerengeka, ndipo ngakhale kumene kulibe kanyumba kotero, anyamata amaunjikana madzulo pa foni imodzi, mitu pamodzi ngati anapiye pa gaga, kupenyerera nkhondo za maiko akutali. Mwa akanema onse, a nkhondo ndiwo akoka anthu koposa. Ndipo kanema akatha, wina amadza kwa mphunzitsi kapena kwa mkuru wa mpingo nafunsa kuti, Kodi zimenezi zinacitikadi? Funsoli nlabwino, ndipo liyenera kuyankhidwa mosamala, pakuti ambiri a ana athu sadzatsegula konse buku la mbiri ya nkhondozo. Cimene aciona ndi maso ndico adzacisunga, nadzauza ana ao.

Yankho lapafupi ndi lakuti kanema ndi sewero. Amene muwaona akugwa ndi mwazi pacifuwa amadzuka bwinobwino nakalandira malipiro ao. Mwaziwo ndi utoto, ndipo mau amene akazembe alankhula anawalemba munthu wina ali khale pa mpando, nkhondoyo itapita kale. Opanga kanema amaononga cuma cambiri, ndipo afuna kuti cibwere ndi phindu. Cifukwa cace amathira mcere pamene nkhani yasukuluka, naidula pamene yatalika. Koma kungoti zonse nzabodza ndiko kuweruza kwaulesi. Pa bwalo la mfumu mboni ikapezeka kuti yaonjeza mau, akuru sathetsa mlandu pomwepo ai. Amaifunsitsa, naitana mboni zina, napeta mau ace monga amai apeta mphale, kuti gaga agwe apo ndi mphale itsale apa. Tiyeni tsono titenge kanema mmodzi, timuimike pa bwalo.

Ndasankha uja dzina lace Zulu, amene anaturuka m'caka ca 1964. Anamutsogolera Cy Endfield, ndipo osewera ace akuru anali Stanley Baker ndi Michael Caine. Ndamusankha pakuti nkhani yace siiri yacilendo kwa ife konse: Angoni a ku Mzimba, a ku Mchinji, a ku Chipata ndi a ku Ntcheu, makolo ao anacokera ku maiko omwewo a kumwera pa masiku a Shaka, ndipo zishango, mikondo ndi mabvinidwe a m'kanemayo mwana wa Mngoni azizindikira msanga. Koma tisanamve mboni, tiyambe tamva mlandu weniweniwo.

Pa 11 December, 1878, nduna yaikuru ya Angerezi ku South Africa, Sir Bartle Frere, inatumiza mau kwa Cetshwayo, mfumu ya Azulu, akuti apasule magulu ace a nkhondo asanathe masiku 30, ndipo akapanda kutero aona nkhondo. Frere anadziwa bwino kuti palibe mfumu ingabvomere zotere nikhalabe mfumu. Nkhondo ndiyo anaifuna, cinkana akuru a boma ku London sanaifune pa nthawiyo. Pa 11 January, 1879, Lord Chelmsford anaoloka mtsinje wa Mzinyathi, umene Azungu aucha Buffalo, nalowa m'dziko la eni. Pafupi ndi dooko limenelo panali nyumba ziwiri zofolera ndi udzu. Anazimanga wamalonda wina, Jim Rorke, ndico cifukwa cace Azungu amati pa Rorke's Drift, ndi Azulu amati KwaJimu. Iye atamwalira, a mishoni ya ku Sweden anagula malowo, naikapo mbusa Otto Witt. Asilikari anatenga nyumbazo: ya mbusa anaisandutsa cipatala, ndi ya chalichi anaisandutsa nkhokwe ya zakudya, nasiyapo gulu laling'ono lolondera, pamodzi ndi odwala.

Pa 22 January Chelmsford anagawa nkhondo yace pawiri, naturuka ndi gawo limodzi kukafuna Azulu kumene kunalibe. Iye ali kumeneko, Azulu ngati 20,000 anagwera msasa wace pa phiri la Isandlwana, naupasula, napha anthu oposa 1,300, Azungu pamodzi ndi anthu akuda a ku Natal amene anali kuwathandiza. Masana a tsikulo kunacitika kadamsana, dzuwa linadetsedwa mbali imodzi. Ndichule pano, pakuti ziphunzitsa m'mene mbiri itsimikizidwira, kuti kadamsana winanso ndiye anatisungira tsiku la Angoni: akuru anasimba kuti pamene anthu a Zwangendaba anaoloka Zambezi dzuwa linada usana, ndipo odziwa za nyenyezi atawerengera m'mbuyo anapeza kuti munali m'November, 1835. Mau a pakamwa pa nkhalamba ndi masamu a ophunzira zinabvomerezana. Umboni wa mbali ziwiri wotere ndiwo tiyenera kuufuna pa kanema ali yense.

Madzulo a tsiku lomwelo Dabulamanzi, mbale wace wa mfumu, anatenga amuna pakati pa 3,000 ndi 4,000, amene anaikidwa kumbuyo pa Isandlwana ndipo mikondo yao inali isanalawe kanthu, naoloka nao mtsinje. Mfumu inali itawaletsa kulowa m'dziko la Natal, pakuti inafuna kuti anthu onse aone kuti Azulu angodzichinjiriza kwao. Koma Dabulamanzi sanamvere. Pa mishoni paja panatsala anthu oposa 150 pang'ono, ena mwa iwo ali gone pa mphasa za cipatala. Anamanga linga la matumba a cimanga ndi mabokosi a mabisiketi. Nkhondo inayamba dzuwa litapendeka, nipitirira usiku kufikira nkhuku ziri pafupi kulira. Denga la cipatala linayaka moto, ndipo asilikari owerengeka anaboola makoma a m'kati, cipinda ndi cipinda, akukoka odwala kupyola pa mabowo. Kutaca Azulu anali atacoka. A m'linga anafa 17. Mitembo ya Azulu imene inawerengedwa pozungulira inali 351. Amuna 11 analandira mendulo yoposa zonse ya Angerezi, dzina lace Victoria Cross.

Nanga kanema asimba bwanji zimenezi? Tiyambe ndi kumuyamika, pakuti woweruza wosayamika konse ndiye mdani, si woweruza. Tsiku, malo, maina a akuru, Chard ndi Bromhead, linga la matumba, kupsa kwa cipatala, kuboola makoma, zonsezi nzoona, ndipo azionetsa mwaluso. Ndipo cina coposa: pa zaka zimenezo akanema ambiri anaonetsa munthu wakuda monga cinthu congopfuula ndi kuthawa; koma uyu aonetsa Azulu monga nkhondo yamwambo, yomvera akuru ace, yodziwa kuzinga mdani ndi nyanga ziwiri ngati za njati, yosaopa imfa. Amene anasewera ngati Cetshwayo anali Mangosuthu Buthelezi, wa mbumba ya mfumu yomweyo, ndipo ankhondowo anali Azulu enieni. Komabe boma la tsankho la pa nthawiyo linaweruza kuti kanemayo sayenera kuonedwa ndi anthu akuda a m'dzikomo. Kapena linaopa kuti angakumbuke cimene makolo ao anali.

Zolakwa zina nzazing'ono, ndipo sitiyenera kutaya nazo nthawi. Zisoti za asilikari m'kanema ziri zoyera mbee, ndi malaya ofiira ngati ocokera m'sitolo dzulo. Koma enieniwo anadetsa zisoti zao ndi tiyi kuti zisaonekere patali, malaya ao anali azigamba, ndipo ambiri anali ndi ndebvu. Mapiri aatali okongola aja si a ku Rorke's Drift, ndi a Drakensberg, kutali ndithu. Sajeni Frank Bourne aoneka ngati bambo wacikulire, pamene mwini wace anali wa zaka 24 zokha, ndipo anakhala ndi moyo kufikira 1945. Alipo anthu amene amakondwera kuwerenga mabatani a malaya ndi kutsutsa mtundu wa mfuti, nayesa kuti pamenepo atha kuweruza kanema. Ine nditi, batani lolakwika silinamiza munthu kanthu kolemera. Zoyenera kuzisamala ziri pena.

Taonani za Henry Hook. M'kanema iye ndi msilikari waulesi, wonamizira kudwala kuti athawe nchito, wamwano kwa akuru ace, wakuba kale, ndi wosirira kacasu wa dotolo. Ndipo pa nthawi ya moto ndipo asandulika ngwazi. Sewero lotere likoma, pakuti anthu akonda kuona woipa atatembenuka. Koma Hook weniweni sanali wodwala kapena wonamizira kudwala. Anaikidwa m'cipatalamo kuti acilonde. Anali munthu wodziletsa pa mowa, ndipo mabuku a gulu lace aonetsa kuti anali atalandira malipiro oonjezera a makhalidwe abwino nkhondoyo isanacitike. Iye ndiye anaima pa khomo ndi pa mabowo, kuchinga Azulu, pamene mnzace John Williams anali kuboola khoma lotsatira. Ataturuka usilikari anagwira nchito zaka zambiri ku British Museum mu London, namwalira m'caka ca 1905. Pamene kanema anaturuka, a banja lace anali ndi moyo, ndipo anawawidwa mtima kwambiri. Ganizani, abale, agogo anu amene munawadziwa oongoka, muwaone aonetsedwa pa maso pa maiko onse monga mbala ndi cidakwa, ndi dzina lao lenileni, cifukwa cakuti wolemba sewero anasowa munthu woipa. Akadamupatsa dzina lopeka pakadakhala palibe mlandu. Wakufa sangathe kudza pa bwalo kudzadziwiringula. Ndipo akuru anati mlandu suola.

Mbusa Witt anamucitira zoposa. Kanema amuonetsa ngati nkhalamba yokhala ndi mwana wamkazi wamkuru, yolalikira asilikari kuti ataye mfuti, yoopseza othandiza akuda aja kufikira athawa, ndipo potsiriza yoledzera ndi kupfuula ngati wamisala mpaka aitsekera ndi kuicotsa pa ngolo. Witt weniweni anali wa zaka ngati 30, ana ace anali aang'ono, ndipo mkazi ndi anawo anali atawatumiza kale kutali ndi dooko. Anakwera phiri la kuseri kwa mishoni kukasuzumira, naona Azulu akudza, natsika, nakwera kavalo kutsata banja lace nkhondo isanayambe. Munthu angathe kunena kuti sanali wolimba mtima. Kuti anali woledzera, palibe umboni. Ndipo othandiza akudawo sanathawe cifukwa ca ulaliki: anaona apakavalo opulumuka ku Isandlwana akupitirira osaima, ndipo mkuru wao Mzungu anathawa nao pamodzi. Cozizwitsa ndi ici, kuti panali mbusa wina amene anatsaladi m'linga usiku wonse, George Smith, akuyenda m'mbali mwa matumba ndi cikwama ca zipolopolo, kugawira asilikari. Koma ameneyu kanema anamusiya, osamuchula. Cimodzimodzi James Dalton, woyang'anira zakudya, amene kale anakhala msilikari zaka zambiri: mboni zinena kuti ndiye analangiza kuti asathawe ndi ngolo za odwala pa chire, koma amange linga, kanema amuonetsa munthu wofooka, napereka nzeruyo kwa akuru a maudindo.

Pali malo awiri amene openyerera amawakonda koposa, ndipo onse awiri ngopeka. Poyamba ndi pamene Azulu aimba nyimbo yao ya nkhondo m'mamawa, ndipo asilikari ayankha ndi nyimbo ya ku Wales. Stanley Baker anali wa ku Wales, nafuna kukweza kwao. Koma gulu lija pa nthawiyo linali ndi dzina la Warwickshire, dera la ku England, ndipo Angerezi anali ambiri m'menemo kuposa a ku Wales. Dzina la Wales linadza m'caka ca 1881. Palibe mboni inachula za kuimba. Anthu amene akhala akuombera usiku wonse, mapewa atatupa ndi kugunda kwa mfuti, pakhosi pouma ndi ludzu, saimba. Kwinako ndi pa mapeto, pamene Azulu abwerera pa phiri naimba kulemekeza adani ao monga amuna anzao, nacoka. Zikoma m'maso, koma sizinatero. Amunawo anali atayenda mtunda wautali ndi njala, ambiri a iwo a zaka ngati 40, atamenyana usiku wonse, atanyamula obvulala; ndipo anaona patali gulu la Chelmsford likubwerera. Anacoka cifukwa ca kulema.

Ndipo mapeto okomawo aphimba cinthu cimene kanema sanafune kuti ticione. Kutaca, asilikari anaturuka m'linga nayenda pakati pa Azulu ogona pansi, ndipo obvulala amene sanathe kuthawa anawatsiriza ndi mipeni ya pa mfuti ndi zipolopolo. Makalata a asilikari eni ace anena zimenezi. Iwo anali ataona zimene zinacitikira odwala ena m'cipatala, ndipo amene anadza ndi Chelmsford anali atagona usiku pakati pa mitembo ya anzao pa Isandlwana. Mkwiyo wao umveka, koma cinthuco cinacitika, ndipo wosimba nkhondoyo nasiya ici sanasimbe yonse. Palinso malo ena pamene kanema anena kuti mkuru wa Azulu anatuma anyamata ace dala kuti akafe, kuti iye awerenge mfuti za adani. Izinso nzopeka, ndipo zinamizira Azulu kuti moyo wa ana ao anauyesa wacabe. Mfuti zimene anali nazo sizinali zatsopano zolanda ku Isandlwana monga kanema anena, pakuti magulu amenewa sanalowe mu msasa muja; zambiri zinali zakale, za mtundu wa gogodera.

Koma colakwa cacikuru koposa siciri m'zimene kanema aonetsa, ciri m'zimene atonthola nazo. Munthu angathe kumupenyerera kuyambira poyamba kufikira potsiriza osadziwa kuti anaputa mnzace ndani. Aona Azungu owerengeka atazingidwa ndi khamu, ndipo mtima wace umapita kwa owerengekawo, monga mtima wa munthu ucitira. Samva za mau a Frere. Samva za Bishopu Colenso wa ku Natal, amene anatsutsa nkhondoyo poyera nadedwa ndi Azungu anzace. Samva kuti pa 4 July caka comweco mudzi wa mfumu, Ulundi, unatenthedwa, pambuyo pace mfumu inagwidwa, ndipo dziko linagawidwa kwa mafumu 13 amene anayamba kumenyana okhaokha. Kupatula mfumu, palibe Mzulu m'kanemayo amene timudziwa dzina lace, kapena mkazi wace, kapena cimene anaganiza. Ndipo olemba mbiri ambiri aona kuti mamendulo 11 aja, cinkana amunawo analimbadi mtima, anathandizanso boma kuphimba manyazi a Isandlwana. Ngakhale kazembe Garnet Wolseley, amene analowa m'malo mwa Chelmsford, anadandaula kuti ulemuwo unapitirira muyeso.

Tsono pali kusiyana kumene owerenga ayenera kukugwiritsa, pakati pa kanema wooneka ngati zoona ndi kanema wonena zoona. Anyamata amati, Uyu ndiye weniweni, pakuona mwazi wambiri ndi matumbo ndi kulira kwa mabomba. M'caka ca 1998 Steven Spielberg anaturutsa Saving Private Ryan, amene ayamba ndi kukoceza kwa asilikari a ku America pa gombe la Omaha ku France pa 6 June, 1944. Anaonetsa mantha, kusanza, kumira, kugontha, ndi munthu wofunafuna mkono wace. Ndipo nkhalamba zimene zinali pa gombelo zinacitira umboni kuti kunali kotero, zina zinaturuka m'nyumba ya kanema zosatha kupirira. Pamenepa kanema anacita cimene buku silingathe: anatiphunzitsa kuti nkhondo siiri masewera. Koma nkhani yotsatira, ya amuna asanu ndi atatu otumidwa kukafuna mnyamata mmodzi, njopeka. Kaputeni wao ngwopeka, ndi mudzi umene amenyeramo potsiriza suli pa mapu. Mbeu ya nkhaniyo inali banja la Niland, la ana amuna anai: awiri anafa ku Normandy, wacitatu anayesedwa wakufa ku Burma, ndipo wotsalayo anamubweza kwao popanda kutuma gulu lomufuna, pambuyo pace wa ku Burma uja anapezeka wamoyo m'ndende ya Ajapani. Apa sindiona mlandu waukuru, pakuti maina ngopeka ndipo palibe wakufa amene anamiziridwa. Kanema ameneyu ndi woona pa maonekedwe a nkhondo, ndi wopeka pa zocitika. Zulu ndi woona pa zocitika zambiri, ndi wonama pa anthu.

Ngakhale zithunzi zojambulidwa pa nkhondo penipeni ziyenera kufunsidwa. M'caka ca 1916 boma la Britain linaonetsa The Battle of the Somme, wojambulidwa ku France pa masiku omwewo a nkhondo imene inapha asilikari a Britain oposa 19,000 tsiku loyamba lokha. Ndipo pa masabata asanu ndi limodzi anthu ngati 20 miliyoni anakamuona, amai akuyang'anitsa nkhope kufuna ana ao. Zambiri za m'menemo nzenizeni. Koma kagawo kamene kanaliza anthu koposa, ka asilikari oturuka m'ngalande ndi kugwa pa waya waminga, ofufuza anapeza kuti kanaseweredwa kumbuyo, kutali ndi zipolopolo. Pakuti makina ojambulira a masiku aja anali olemera, ndipo woimirira nao pamalo potero sakadakhala ndi moyo.

Funso limene ife a kuno tiyenera kulifunsa kawirikawiri ndi ili: Kodi asiyidwa ndani? M'caka ca 1945 anaturuka kanema wa ku America, Objective, Burma!, m'mene Errol Flynn ndi anzace aoneka ngati ndiwo anagonjetsa Ajapani m'nkhalango za Burma. Ku Britain anthu anakwiya, kotero kuti kanemayo anamucotsa patangopita masiku owerengeka, ndipo sanabwerenso kufikira 1952. Mkwiyo wao unali wakuti ana ao aiwalika. Koma nkhondo ya kazembe William Slim ku Burma inali ya Amwenye ambiri koposa, pamodzi ndi Angerezi ndi anthu a mu Africa ngati 90,000. Pakati pao panali ana a Nyasaland ndi a Northern Rhodesia, m'gulu lalikuru la 11th East African Division, amene m'caka ca 1944 anatsika cigwa ca Kabaw pa nyengo ya mvula yosaleka, m'matope ndi malungo, napirikitsa Ajapani kufikira ku mtsinje wa Chindwin. Midzi yambiri ya kuno inali ndi nkhalamba yace imene inkasimba za Burma pa bwalo madzulo. Iwo pamene anaiwalika panalibe nyuzipepala ya ku London yowakwiyira.

Pa nkhondo ya 1914 mpomwe pali mpata waukuru. Kanema wochuka wa nkhondo ya kuno kum'mawa kwa Africa ndi The African Queen, wa 1951, wosimba za mkazi wa mishoni ndi woyendetsa bwato amene amiza sitima ya Ajeremani pa nyanja. Nkhani yopeka yonse, yotengedwa m'buku la C. S. Forester. Pamenepo nkhani yeniyeni inali pa nyanja yathu yomwe. M'August, 1914, sitima ya Guendolen, ndi kaputeni Rhoades, inafika pa Sphinxhaven, pamene lero amati Liuli, niombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, iri pa mtunda kukonzedwa. Ndipo kaputeni wa Ajeremani, amene anali bwenzi la Rhoades, anadza pa bwato ali wokwiya kudzafunsa cimene cacitika, pakuti anali asanamve kuti kwabuka nkhondo. Mzinga wa Guendolen anauika ku Mangochi kuti anthu aziuona. Pa 9 September kunamenyedwa nkhondo ya ku Karonga, ndipo ambiri a ogwa mbali zonse ziwiri anali anthu akuda.

Ndipo pambuyo pa asilikari panali a tengatenga. Miseu ya galimoto inali yocepa kwambiri, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinafa ndi kashembe. Cifukwa cace ufa, zipolopolo ndi mahema zinayenda pa mitu ya anthu, kucokera ku nyanja kunka kumpoto ndi kum'mawa, kutsata kazembe von Lettow-Vorbeck, amene sanapereke mfuti zace kufikira pa 25 November, 1918, ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala. Amuna pafupifupi 200,000 a Nyasaland anasenza katundu ameneyo, ambiri ogwidwa mokakamiza kupyolera mwa mafumu. Minda inagonera, ndipo kamwazi, cibayo ndi njala zinapha ambiri m'njira koposa amene anaphedwa ndi mfuti. Wofuna kuyesa kanema wa nkhondo imeneyo awerenge asilikari amene aoneka, nafunse amene anasenza cakudya cao.

Mboni za pa mapepala nazonso nzocepa pa anthu amenewa. M'caka ca 2021 bungwe losamala manda a asilikari, Commonwealth War Graves Commission, linabvomera poyera kuti akufa a nkhondo yoyambayo osacepera 116,000, ndipo kapena kufikira 350,000, ambiri a iwo a kum'mawa kwa Africa ndi a ku Egypt, sanalembedwe maina pa mwala uli wonse, pamene Mzungu ali yense anafunidwa dzina lace ndi manda ace; ndipo nduna ya boma la Britain inapepesa m'nyumba ya malamulo m'April caka comweco.